Njira Zosiyira Chizolowezi Chimene Chakugwirani Osachibwereranso

Munthu amene wasuta fodya kwa zaka zambiri sachita kuganiza kaye asanayatse ndudu. Akangomaliza kudya, dzanja limapita lokha m'thumba, ndipo amadzazindikira kuti akusuta utsi utayamba kale kutuluka m'mphuno. N'chimodzimodzi ndi womwa mowa amene miyendo yake imakhotera yokha kumalo omwera akangoweruka kuntchito, kapena wobetcha amene chala chake chimatsegula njuga pafoni asanatsike n'komwe pabedi. Anthu oterewa amauzidwa kawirikawiri kuti ndi ofooka mtima, ndipo eni akewo amakhulupirira zimenezo, n'chifukwa chake m'mawa uliwonse wa matsire amalumbira kuti basi aleka, koma pofika madzulo lumbiro lija laiwalika. Malangizo otsatirawa atsamira pa mfundo ina, yakuti chizolowezi ndi chinthu chimene ubongo unachita kuphunzira, ndipo chimagonja munthu akasintha zinthu zimene zimachidzutsa.

Choyamba: mvetsani chimene chakugwirani

Mu ubongo muli mankhwala achilengedwe otchedwa dopamini, amene ntchito yake yaikulu ndi kuphunzitsa ubongo zinthu zoyenera kuzifunafuna. M'zaka za m'ma 1990, wasayansi Wolfram Schultz anaonetsa mmene zimenezi zimachitikira poyesa anyani. Poyamba maselo otulutsa dopamini ankatakataka nyani akalawa madzi otsekemera, koma nyaniyo atazolowera kuti nyali ikayaka ndiye kuti madzi akubwera, maselowo anayamba kutakataka nyali ikangoyaka, madzi asanafike pakamwa. Kwa munthu, nyali imeneyi ingakhale fungo la fodya wa mnzake, kulira kwa botolo likamatsegulidwa, kapena uthenga wapafoni wonena kuti malipiro alowa. Chibaba chimabwera chinthucho chisanalowe m'thupi, ndipo chimabwera ndi mphamvu.

Mu 1993, Terry Robinson ndi Kent Berridge a ku yunivesite ya Michigan anafotokoza mfundo inanso imene anthu ambiri ovutika ndi zizolowezi amaivomereza akangoimva: kufuna chinthu ndi kusangalala nacho zimayenda m'njira zosiyana mu ubongo. Pamene chizolowezi chikukula, kufuna kumakulirakulira pomwe kukoma kukuchepa. N'chifukwa chake chidakwa chimatha kunena moona mtima kuti mowa sukuchikomeranso, komabe n'kuchezera usiku wonse chikuufunafuna. Thupi nalo limazolowera, moti mlingo umene unkakwanira chaka chatha sukwaniranso lero, ndipo chinthucho chikasowa pamabwera kunjenjemera, thukuta, kusowa tulo ndi ukali. Pofika apa munthu samwanso kuti asangalale koma kuti angokhala bwinobwino ngati anzake.

Zimenezi sizichitika ndi zolowa m'thupi zokha. Mu 2013 bungwe la madokotala a matenda a maganizo la ku America linaika vuto la njuga m'gulu limodzi ndi la mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo bungwe la World Health Organization linavomereza mu 2019 kuti kukodwa ndi masewera apakompyuta ndi apafoni nakonso ndi matenda. Njuga imakola kwambiri chifukwa mphotho yake sidziwika kuti ibwera liti, ndipo kuphonya pang'ono kumautsa mtima pafupifupi ngati kupambana. Kafukufuku wa m'mabanja ndi wa ana amapasa akusonyezanso kuti pafupifupi theka la chiopsezo cha uchidakwa ndi lochokera kumtundu, ndipo kuyamba uli wamng'ono kapena kukulira m'nkhanza kumawonjezera chiopsezocho. Kudziwa zimenezi sikuchotsa udindo wanu, koma kumachepetsa manyazi, ndipo manyazi ndiwo amachititsa ambiri kubisa vuto mpaka litafika poipa.

Kuti mudziwe ngati chizolowezi chanu chapyola malire, musayang'ane kuchuluka kokha. Dzifunseni ngati mumapitirira mlingo umene munadziikira, ngati munayesapo kusiya n'kulephera, ngati mwayamba kunama kapena kubisa, ngati ntchito, banja kapena ndalama zayamba kuwonongeka inu n'kumapitirizabe, komanso ngati thupi limadwala mukakhala osachita. Mukayankha kuti inde pa awiri kapena atatu mwa mafunso amenewa, nkhaniyi ndi yanu.

Chachiwiri: lembani kwa milungu iwiri musanasinthe kanthu

Ambiri amadumpha gawo limeneli chifukwa limaoneka lachibwana, koma ndi limene limapereka zida za magawo ena onse. Pezani kabuku kakang'ono kokwana m'thumba, ndipo nthawi iliyonse chibaba chikabwera, kaya mwagonja kaya ayi, lembani tsiku, nthawi, malo, anthu amene munali nawo, chimene chinali chitangochitika, ndi mphamvu ya chibabacho pa mlingo wa 1 mpaka 10. Mzere umodzi ungaoneke motere: "Lachisanu, 5 koloko madzulo, nditangokangana ndi abwana, sindinadye masana, ndinadutsa njira ya kumalo omwera, chibaba 9, ndinalowa." Lembani nthawi yomweyo, chifukwa zokumbukira mawa lake zimakhala zokometsedwa.

Ikatha milungu iwiri, werengani kabukuko muli phee. Ambiri amadabwa kuona kuti vuto limene ankaliona ngati la tsiku lonse lili ndi nthawi zake zitatu kapena zinayi zokha, ndipo kawirikawiri zimazungulira njala, mkwiyo, kusungulumwa, kutopa ndi tsiku la malipiro. Mudzaonanso ntchito imene chizolowezicho chimakugwirirani: wina chimamugonetsa tulo, wina chimamupatsa anthu ocheza nawo, wina chimamuiwalitsa maliro amene sanawalire mokwanira. Ntchito imeneyi muilembe pa tsamba lakelake, pakuti mudzafunika kuipezera njira ina.

Chachitatu: onanani ndi achipatala musanaleke

Apa pafunika kutsindika, chifukwa pali zizolowezi zina zimene kuzisiya mwadzidzidzi kumapha. Munthu amene wakhala akumwa mowa wambiri tsiku ndi tsiku, makamaka amene manja amanjenjemera m'mawa mpaka atamwako pang'ono, asasiye yekha kunyumba. Zizindikiro zimayamba pakati pa maola 6 ndi 24 kuchokera pamene wamwa komaliza. M'masiku awiri oyamba angathe kugwa n'kumaphupha ngati wa khunyu, ndipo pakatha masiku awiri mpaka anayi ena amafika pa vuto loopsa limene madokotala amalitcha delirium tremens, pomwe munthu amasokonezeka mutu, kutentha thupi, kuthamanga mtima ndi kuona zinthu zomwe palibe. Achipatala amateteza zimenezi ndi mankhwala monga diazepam operekedwa kwa masiku ochepa mlingo ukutsitsidwa, pamodzi ndi vitamini B1 woteteza ubongo. Amene anazolowera mapiritsi ogonetsa kapena okhazika mtima pansi a mtundu wa diazepam womwewo, nawonso ayenera kutsitsa pang'onopang'ono motsogoleredwa ndi dokotala.

Kusiya mankhwala ozunguza bongo kapena opha ululu monga heroin, morphine, codeine kapena tramadol kumazunza kwambiri, ndi kutsegula m'mimba, kuphwanya m'thupi ndi kusowa tulo, ndipo ambiri amabwerera pongofuna kuti ululuwo uthe. Mankhwala a methadone ndi buprenorphine amachepetsa chibaba komanso imfa pakati pa anthu oterewa, ndipo maganizo akuti kumwa mankhwalawa n'kungosinthanitsa chizolowezi china ndi chinzake ndi olakwika, pakuti munthu amene ali pa mankhwalawa amatha kugwira ntchito ndi kusamala banja lake. Kwa omwa mowa kuli naltrexone ndi acamprosate, othandiza kuti asabwerere. Koma fodya mungamusiye lero lomwe popanda ngozi, ngakhale kuti masiku atatu oyamba ndi owawa ndipo kusakhazikika kumatenga milungu iwiri mpaka inayi. Zomata pakhungu ndi zotafuna zokhala ndi nikotini, komanso mapiritsi a varenicline kapena cytisine, zimawonjezera mwayi wopambana. Pouza dokotala, nenani mlingo weniweni, osati umene mumauza akunyumba, chifukwa chithandizo chimayezedwa pa zimene mwanenazo.

Chachinayi: sankhani tsiku, ndipo konzani malo musanafike pa tsikulo

M'chaka cha 1971 boma la America linada nkhawa litamva kuti asilikali ake ambiri ku nkhondo ya ku Vietnam akugwiritsa ntchito heroin, ndipo wofufuza Lee Robins anapatsidwa ntchito yowatsatira atabwerera kwawo. Anapeza kuti pafupifupi asilikali 20 pa 100 alionse anali atakodwa ali ku Vietnam, koma m'chaka choyamba atabwerera, pafupifupi 5 okha pa 100 alionse mwa okodwawo ndi amene anakodwanso. Zifukwa zake zinali zingapo, koma chimodzi mwa izo n'chakuti zinthu zimene zinkadzutsa chibaba, monga mantha a nkhondo, anzawo osuta nawo, ndi kupezeka kwa mankhwalawo motchipa, zinatsalira kutsidya la nyanja. Nkhani imeneyi ikufotokozanso chifukwa chake munthu amatha kukhala bwino miyezi itatu kumalo othandizira anthu kusiya, n'kugwa m'mlungu woyamba atabwerera kunyumba, kumene mpando, msewu ndi anzake zili monga anazisiyira.

Ambiri sangasamuke, koma aliyense angathe kusamutsa zina. Sankhani tsiku losapitirira milungu iwiri kuchokera pamene mwamaliza kulemba, ndipo lisakhale la chikondwerero kapena la malipiro. Tsikulo lisanafike, chotsani m'nyumba mabotolo, ndudu, zoyatsira ndi zonse zogwiritsira ntchito, kuphatikizapo zimene munabisa kuti mudzagwiritse ntchito zikadzavuta. Sinthani njira yobwerera kunyumba ngakhale ikhale yotalikirapo. Fufutani manambala a ogulitsa. Wobetcha achotse mapulogalamu a njuga pafoni, apemphe makampaniwo kuti atseke akaunti yake, ndipo kwa miyezi ingapo apereke ulamuliro wa ndalama zake kwa munthu wodalirika, n'kumayenda ndi zokwanira tsiku limodzi basi. Zimenezi zimaoneka zonyozetsa kwa munthu wamkulu, koma cholinga chake n'chakuti pakati pa chibaba ndi kuchita pakhale mtunda, pakuti chibaba sichikhalitsa.

Chachisanu: konzekerani chibaba chisanabwere

Katswiri wa maganizo Alan Marlatt ankaphunzitsa odwala ake kuona chibaba ngati funde la panyanja, limene limakwera, kufika pachimake, kenako n'kuphwa lokha. Kawirikawiri chimatsika pasanathe mphindi 30 ngati simunachidyetse. Chikabwera, yang'anani wotchi n'kudziuza kuti simupanga chosankha chilichonse mpaka patapita mphindi 20. Kenako tcherani khutu ku thupi lanu: mwina pakhosi pauma, pachifuwa pathina, manja akusowa chogwira, mutu ukunong'oneza kuti kamodzi kokha sikalakwa. Musalimbane nazo, ingozionani mukupuma pang'onopang'ono, ndipo ngati muli pamalo oopsa, nyamukani muchokepo. Nthawi iliyonse imene nyali yayaka koma mphotho osabwera, ubongo umaphunzira kuti nyaliyo ndi yabodza, ndipo mafunde otsatira amayamba kuchepa mphamvu.

Tsegulaninso kabuku kaja, ndipo pa nthawi yoopsa iliyonse lembani chochita chimodzi chodziwika bwino. Peter Gollwitzer, katswiri wa maganizo wa ku Germany, anaonetsa kuti anthu amene amakonzeratu kuti "zakutizakuti zikachitika, ndichita chakuti" amakwaniritsa zolinga zawo kuposa amene amangonena kuti ayesetsa. Choncho m'malo molemba kuti mudzapewa mowa, lembani kuti mukaweruka Lachisanu mudzadya kaye musanatuluke ndipo mudzaimbira foni mchimwene wanu muli m'njira. Konzeraninso mawu okanira, ndipo muwayeseze mokweza muli nokha. Mawu afupi monga akuti "Zikomo, ndinasiya" amagwira ntchito kuposa kufotokoza kwakutali, chifukwa chifukwa chilichonse chimene mungapereke, wokukakamizaniyo amachipezera yankho.

Chachisanu ndi chimodzi: kumbani ngalande ina

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo pa nkhani ya zizolowezi mawuwa ndi oona ndithu: njira yakale mu ubongo sifufutika, imangouma. Mvula ikagwa madzi adzafuna podzera, ndipo ngati simunakumbe ngalande ina adzabwerera m'khwawa lomwe lija. Munthu amene ankamwa maola atatu madzulo alionse amapezeka ali ndi maola oposa 20 pa mlungu opanda chochita, ndipo maola amenewa ndi amene amagwetsa ambiri. Bwererani ku tsamba lija la ntchito imene chizolowezi chinkakugwirirani. Ngati chinali kukupatsani anzanu, kuwerenga buku muli nokha sikungalowe m'malo mwake, mufunika gulu la masewera, la mapemphero, la nyimbo kapena la ntchito zongodzipereka. Ngati chinali kukuphwetsani mtima mukatopa, yesani kuyenda ndawala kapena kugwira ntchito yotulutsa thukuta pa nthawi yomweyo imene munkamwa. Chatsopanocho muchimangirire pa nthawi ndi malo osasintha kuti nacho chikhale ndi nyali yake.

Mwina munamvapo zoti chizolowezi chatsopano chimakhazikika pa masiku 21. Chiwerengero chimenechi chilibe maziko olimba. Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London anatsatira anthu 96 amene ankayesa kuyamba chizolowezi chosavuta, monga kumwa madzi pa chakudya chamasana, ndipo anapeza kuti pakatikati zinkatenga masiku 66, koma ena masiku 18 okha pomwe ena ankafunika mpaka 254. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikunkawononga zimene munthu wamanga. Ngati chizolowezi chosavuta chingatenge miyezi iwiri, musadabwe kuti madzulo opanda mowa akukhalabe achilendo pa mwezi wachitatu. Dziwaninso kuti m'miyezi yoyambayo zinthu zambiri zimaoneka zozizira, chakudya sichikoma, nthabwala siziseketsa, ndipo tulo timavuta. Ubongo umakhala ukuzoloweranso kusangalala ndi zinthu wamba, ndipo nyengo imeneyi imatha.

Chachisanu ndi chiwiri: musasenze nokha

Uzani anthu awiri kapena atatu, ndipo muwauze chenicheni chimene mukufuna kwa iwo, kaya ndi kuyankha foni usiku, kusunga ndalama, kapena kusamwera pamaso panu. Magulu a anthu amene akulimbana ndi vuto lofanana amathandiza kwambiri. Gulu la Alcoholics Anonymous (AA), la anthu ofuna kusiya mowa, linayamba mu 1935 mumzinda wa Akron ku America, pamene Bill Wilson ndi dokotala Bob Smith anaona kuti chidakwa chikamalankhula ndi chidakwa chinzake onse awiri amalimba, ndipo la Narcotics Anonymous, la ofuna kusiya mankhwala ozunguza bongo, linatsatira mu 1953. Kuwunika kwakukulu kwa kafukufuku kumene bungwe la Cochrane, lounika kafukufuku wa zaumoyo, linatulutsa mu 2020 kunapeza kuti njira zolowetsa anthu m'magulu a AA zimafanana kapena kuposa njira zina za uphungu pothandiza anthu kusiyiratu mowa. Si onse amene amamasuka ndi kachitidwe ka magulu amenewa, ndipo amene sakumasuka apite kwa mlangizi wa zamaganizo kapena gulu la mtundu wina, bola pakhale anthu amene angazindikire mukasowa.

Anzanu akale omwa nawo ndi nkhani yowawa. Ena adzakulemekezani, koma ena adzakunyozani kapena kukugulirani dala, chifukwa kusiya kwanu kumawakumbutsa za vuto lawo. Kwa miyezi yoyamba, kumanani nawo masana pamalo opanda chokuyesani, kapena musakumane nawo n'komwe.

Chachisanu ndi chitatu: dziwani chochita mukaterereka

Mu 2000, wofufuza Thomas McLellan ndi anzake anayerekezera vutoli ndi matenda ena okhalitsa, ndipo anaonetsa kuti anthu 40 mpaka 60 pa 100 alionse amene alandira chithandizo amabwererako, chiwerengero chosasiyana kwenikweni ndi cha odwala mphumu kapena kuthamanga kwa magazi amene matenda awo amayambiranso. Wodwala mphumu akabanika sitinena kuti chithandizo chalephera, timangomubwezera kuchipatala. Marlatt anaona kuti chimene chimasandutsa botolo limodzi kukhala mwezi wathunthu wa kuledzera ndi maganizo obwera pambuyo pake, akuti "ndawononga kale zonse, bola ndingomaliza." Choncho mukaterereka, lekani pomwepo, chokani pamalopo, tayani zotsala, ndipo uzani munthu wanu wodalirika tsiku lomwelo lisanathe. Mawa lake tsegulani kabuku n'kufufuza mobwerera m'mbuyo, pakuti kugwa kumayamba masiku angapo botolo lisanafike m'manja: mwina munasiya kupita ku gulu, munagona mochedwa mlungu wonse, kapena munadzipezera chifukwa chodutsira njira yakale.

Chenjezo lapadera lipite kwa amene anasiya heroin ndi mankhwala ofanana nayo. Pakangotha masiku kapena milungu yochepa thupi limataya kuzolowera kuja, ndipo mlingo umene kale unali wamba ungathe kuimitsa kupuma. Imfa zambiri zimachitika munthu atangotuluka m'ndende kapena kumalo a chithandizo. Kumene mankhwala a naloxone, obwezeretsa kupuma kwa munthu amene wapyola mlingo wa mankhwala amenewa, amapezeka, akunyumba awasunge ndipo aphunzire kuwagwiritsa ntchito.

Chomaliza: samalani zaka zotsatira

Miyezi ikamapita, zimene chizolowezi chinkaphimba zimayamba kuonekera. Matenda a nkhawa, kukhumudwa kwakukulu ndi mabala a nkhanza zakale amayendera limodzi ndi zizolowezi kawirikawiri, ndipo akapanda kuchizidwa amamukokera munthu kumene anachoka. Ngati pakatha mwezi umodzi kapena iwiri mtima ukadali wolemera tsiku ndi tsiku, kaonaneni ndi achipatala, ndipo ngati mukuganiza zodzipha pitani tsiku lomwelo. Ngongole muzilembe zonse papepala limodzi n'kugwirizana ndi eni ake za kabwezedwe kamene mungakwanitse. Akunyumba asakukhumudwitseni akamakununkhizanibe pakamwa kapena kuwerenga chenji pa mwezi wachisanu, chifukwa anamva malonjezo ambiri kale ndipo chimene chidzawatsimikizire ndi miyezi, osati mawu.

Chiopsezo chobwerera chimatsika chaka ndi chaka, koma pali msampha umodzi umene umakola anthu zinthu zikuyenda bwino. Pa chaka chachiwiri kapena chachitatu, ntchito ili bwino ndipo banja labwerera mwakale, pamabwera ganizo lakuti tsopano mwachira ndipo mungathe kulawako pa ukwati wa m'bale wanu ngati wina aliyense. Ganizo limeneli mulitenge ngati chizindikiro chofanana ndi chibaba cha m'mlungu woyamba, ndipo mulinene kwa munthu wina musanachitepo kanthu. Popita ku ukwatiwo idyani kaye, gwirani chakumwa chosaledzeretsa m'manja kuyambira pofika kuti wina asakupatseni china, khalani pafupi ndi amene akudziwa nkhani yanu, ndipo konzeranitu nthawi yonyamukira ndi njira yobwererera kunyumba imene siidalira anthu amene akumwa.